Achimwene Anga, Otchula Eni Nyimbo

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha achimwene anga, a Siliro Nkhoma, kumudzi kwathu kufupi ndi Nambuma. Amene anaimirira kulankhula anati malemuwo anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ine ndinachita kudzitseka pakamwa ndi chitenje kuopa kuseka pamanda. Ofatsa a Siliro? Munthu amene anachotsedwa mu kwaya, nabwezedwa, nachotsedwanso, mpaka apampando anatopa okha? Ayi anthuni, wakufa tisamunamizire. Ine ndine mlongo wawo wotsiriza, anandibereka kumbuyo ndili khanda, ndipo ndinena mmene analili. Amene zimuwawe akudziwa kumene ndimakhala.

Ntchito yawo inali yokhoma zidebe pamsika wa Nsaru. Zidebe, mbaula, makheni othirira fodya kunazale, zonsezo zimatuluka m'manja mwawo. Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo khutu la kumanzere linafa kalekale ndi phokoso la malata. N'chifukwa chake akati akunong'ona, wa kutsidya kwa msewu amamva. Fodya wa m'mphuno samasiyana naye. Mu tiyi amathira shuga mpaka wogulitsa kuwalanda mbale. Ukawauza za BP amati thupi ndi lawo, sanabwereke kwa munthu.

Koma chimene anthu amawadziwira si zidebe. Kutchalitchi kwathu amakhala benchi yomaliza mbali ya amuna, pafupi ndi chitseko. Akwayamasitala akapereka mawu n'kukweza dzanja, kwaya ikukoka mpweya kuti iyambe, kumbuyo kuja kumamveka mawu ngati munthu akuitana ng'ombe:

"Ya a Binisoni a ku Kabudula!"

Kenako amakhala chete, manja pachifuwa, ngati sanachite kanthu. Nyimbo ina ikati iyambe: "Ya aphunzitsi a Matiyasi!" Ina: "Ya amayi a Zione a kudambo!" Pa misa, pa ukwati, pa maliro, chimodzimodzi. Nyimbo imene sakudziwa mwini wake amanenanso poyera kuti sakumudziwa, koma akumufufuza. Alendo amadzidzimuka, ana amaseka, akwaya amakukuta mano. Iwo amati nyimbo siimera yokha ngati bowa. Alipo amene anaisowera tulo, ndipo kuimba osamutchula n'chimodzimodzi kudya kwa munthu n'kutuluka osathokoza.

Abambo mfumu ena atangofika kumene m'parishi muno anawaitanitsa kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinali pomwepo, ndikusesa.

"A Nkhoma, mukusokoneza mapemphero," anatero abambo.

"Abambo, inu mukamawerenga Mthenga simunena kuti wolembedwa ndi Luka? Nanga a Binisoni analakwa chiyani?"

"Luka ndi woyera. A Binisoni anuwo ndamva kuti anafera pamowa."

"Eya, anafera pamowa. Koma nyimbo yawo siinamwe nawo."

Abambo anaseka mpaka kugwira khoma. Anagwirizana kuti achimwene azitchula motsitsa mawu. Lamulungu lotsatira anatsitsadi, mwa kumva kwawo. Ife tonse tinamva mpaka kumpopi.

Ambiri amati ndi misala chabe. Sanadziwe kumene zinachokera, ndipo achimwene sanali munthu wofotokoza za mumtima. Amayi athu, a Rozina Namwale, anataya mwana wamng'ono nyengo yokumba mtedza, ine ndisanabadwe. Sanalire mokweza. Anabwerera kumunda maliro atangotha, ndipo akuzula mtedza anayamba kung'ung'udza nyimbo yomufunsa mwanayo kuti akafika kumeneko adzamufunditsa ndani. Amayi anzawo anaitola, anaiimba pa maliro ena, kenako ena, mpaka inafika ku Mpingu ndi ku Namitete. Amayi sankawerenga, sanailembe paliponse. Achimwene ndi amene anaimva ikubadwa, chifukwa tsiku limenelo anali kumbuyo kwawo akutola mtedza.

Patapita zaka, amayi atamwalira, achimwene akukhoma chidebe pamsika anamva nyimboyo pa wailesi ya wogulitsa kaunjika. Inaimbidwa ndi kwaya ina ya m'tauni, ndi kiyibodi ndi magitala, mothamanga ngati ya pa ukwati. Itatha, woulutsa anati imeneyo ndi nyimbo ya makolo, mwini wake sadziwika. Achimwene anadziphwanya chala ndi hamala. Chikhadabo chimenecho sichinamerenso bwino mpaka imfa yawo. Madzulo anafika kwanga chala atakulunga kansalu.

"Akuti sadziwika," anatero. "Sadziwika kwa ndani? Ifeyo si anthu?"

Lamulungu lake ndi pamene anayamba kufuula mayina.

Tsopano ndinene za nkhani imene inagawa mudzi wathu, imene olankhula pa chiliza anailumpha ngati dzenje. Achemwali anga a Aginesi anakwatiwa ndi a Mbewe a ku Mpingu, amene anabwera kudzakhala kwathu chikamwini. Ndisanene zoipa zokha, a Mbewe ndi munthu wolimbika ndiponso wa ulemu wa kale. Amayi ali moyo, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Sanadyepo pamaso pawo. Dzina la apongozi awo silinatulukepo pakamwa pawo, ngakhale amayiwo atagona kumanda zaka zambirimbiri. Akafuna kuwanena amangoti "a kunyumba yaikulu." Mwana wawo Takondwa anamuphunzitsa ndi fodya wa m'manja mwawo, kuyambira pulayimale mpaka anasankhidwa kupita ku koleji, woyamba m'banja mwathu.

Atatha chaka choyamba, Takondwa anabwera ku holide ndi nkhani. Ku kolejiko anawauza kuti aliyense asankhe njira imodzi yoti aitsate mpaka kumaliza, ndipo iye malinga ndi mmene anakhozera zinamutsegukira zitatu. Ina inali ya umoyo wabwino: kadyedwe, kulimbitsa thupi, kupewa matenda. Ina amaitcha lojiki, kuphunzira kuganiza ndi kutsutsana mwa dongosolo. Yachitatu inali mbiri ya nyimbo.

Tinakambirana m'chigafa cha a Mbewe, tikusoka fodya, manja ali bii ndi phula. A Mbewe anali ataganiza kale.

"Za umoyozo ndiye zenizeni," anatero. "Mabungwe onse akudutsa pano ndi magalimoto akufuna anthu otero. Ngakhale pachipatala pa Kabudula pompa angamulembe."

Achemwali anali atamva kwa akatekisiti kuti lojikiyo ndi imene amaphunzira ansembe ndi maloya. Iwo mtima unali pamenepo. A Mbewe anati mwana wamkazi wophunzira kutsutsa adzamukwatira ndani, m'nyumba muno otsutsa alimo kale okwanira. Tonse tinaseka. Za nyimbo palibe anazitchula n'komwe. Zinali ngati nkhuku yodwala pamsika, aliyense akuilambalala.

Achimwene anali pakhomo pa chigafa, sakusoka, akungonunkhiza fodya wawo. Anafunsa mokweza monga mwa masiku onse:

"Kodi mwini mutuyo mwamufunsa? Takondwa, iwe ukufuna chiyani?"

Mwana anayang'ana pansi, singano ili m'manja. Anayankha motsitsa, achimwene sanamve.

"Kweza mawu, ndine gonthi!"

"Mbiri ya nyimbo, amalume."

A Mbewe anaika fodya pansi bwinobwino.

"Nyimbo? Ine kupsa ndi dzuwa zaka zonsezi kuti ukaphunzire nyimbo? Ngakhale woledzera amaimba, anapita ku koleji iti?"

"Si kuimba, bambo. Ndi kufufuza kumene nyimbo zinachokera, anazipeka ndani, zinayenda bwanji. M'mabuku a kumeneko muli mayina a azungu okhaokha, mpaka tsiku limene anabadwa. Zathu amangolemba kuti za makolo."

Ndinaona achimwene akuyang'ana chala chawo chija. Koma sanamunyengerere mwanayo, zimenezo ndikane. Anamuuza pamaso pa onse kuti njira imeneyo ilibe galimoto, mwina ilibe ndi ntchito yomwe, ndipo anzake adzamudutsa pamsewu iye ali wapansi. Anamufunsa ngati akudziwa zimenezo. Takondwa anati akudziwa. Anamufunsanso kachiwiri. Anati akudziwa.

"Basi akaphunzira zimenezo," anatero achimwene.

"Mwa chilolezo cha ndani?" anafunsa a Mbewe.

"Changa. Mwini mbumba pano ndine. Mwana uyu ndi wa mlongo wanga, mudzi uno ndi wa amayi anga. Inu alamu munabwera."

Mayo ine! Mawu amenewo masiku ano sanenedwa. Mwambo ulipo ndithu, woti ana ndi a kuchikazi ndipo malume ndiye amadula, koma unagona kalekale, makamaka kwa bambo amene walera yekha mwana mpaka ku koleji. Ndipo achimwene sanali malume wa chitsanzo. Sanagulepo ngakhale kope. Pa nkhani za maukwati ndi milandu ya mbumba amathawa, amati ali ndi zidebe za anthu. Moyo wawo wonse ufulu umenewo anaugwiritsa ntchito kamodzi kokha, ndipo ndi tsiku limenelo.

A Mbewe anaimirira.

"Mbumba mwaikumbuka lero, eti?"

"Ndaikumbuka lero."

M'mawa mwake a Mbewe anamanga sutikesi ya Takondwa ndi matiresi ake panjinga, anakankha kudutsa pakati pa mudzi anthu akuona, nakatula pakhomo pa achimwene.

"Mwana wanu uyu, eni mbumba. Muzimuimbira akamva njala."

Achimwene anatuluka, anayang'ana katunduyo, anati matiresi alowe kaye chifukwa kukubwera mvula. Anatulutsa malata m'chipinda chimene amasungiramo zipangizo, nasesa okha. Kuyambira tsiku limenelo iwo ndi a Mbewe sanapatsanenso moni. Pamaliro amakhala mitengo yosiyana. Pa chizindikiro cha mtendere m'tchalitchi aliyense amapeza chomangira nsapato. Achemwali anaonda ndi nkhani imeneyi, pakati pa mwamuna ndi mlongo. Mtedza ndi ufa wa mwana wawo amabweretsa kwanga atabisa pansi pa nkhuni, ine n'kukapereka.

Mudzi wonse unali mbali ya a Mbewe, ndisabise. Kumjigo amati a Siliro aononga mwana, akufuna wolowa m'malo pa misala yawo. Ena amati ndi nsanje, poti iwo analibe mwana wofika ku sekondale. Ine ndinakangana ndi anthu mpaka ena sitilankhulana mpaka lero, ndipo sindikudandaula. Achimwene anangoonjezera misika. Munthu wa zaka zimenezo anayamba kupalasa njinga yodzaza zidebe kupita ku Kabudula ndi ku Nambuma masiku a msika, kuti mwana asasowe chokwerera minibasi ndi sopo. Ndikawauza kuti apume amandifunsa ngati ndaphunzira za umoyo wabwino.

Pa holide iliyonse awiriwo amasowa m'mudzi. Amakwezana panjinga kupita kwa nkhalamba zimene achimwene amazidziwa, Takondwa n'kumajambula mawu pa foni. Amabwerako akukangana. Mwana amati kusukulu anawaphunzitsa kuti mawu a munthu mmodzi si umboni, pafunika wina wovomereza. Achimwene amati ndiye kuti iwo ndi abodza? Tsiku lina anapeza kuti nyimbo imene achimwene akhala akuitchula kuti ndi ya aphunzitsi a Matiyasi inapekedwa ndi akazi awo, aphunzitsiwo anangoiphunzitsa kwaya. Achimwene sanadye tsiku limenelo. Lamulungu lake anaimirira kumbuyo kuja, nafuula kuti, "Ya akazi a aphunzitsi a Matiyasi, a Nabanda! Kale ndimanama!" Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, iwo nkhope ili gwa.

Takondwa anamaliza. Musandifunse ngati anapeza ntchito, chifukwa funso limenelo ndatopa nalo. Sanaipeze yokhazikika. Amaphunzitsa maola ochepa pa sekondale ina yoyendera, nthawi yotsala amazungulira midzi ndi foni yake. Mnzake amene anasankha za umoyo amadutsadi pa galimoto ya bungwe, monga achimwene ananenera, ndipo amamuimikira n'kumukweza. Komanso alipo ena a za umoyo zomwezo amene akugulitsa mayunitsi pa Nsaru. Njala siifunsa kuti unaphunzira chiyani. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti m'buku limene analemba pomaliza maphunziro ake, limene lili ku laibulale ya kolejiyo, muli dzina la amayi anga, mudzi wawo ndi munda umene anapekeramo nyimbo. Anawawerengera achimwene tsamba limenelo kukhutu la kumanja. Iwo anangoti, "Bwereza." Atabwereza, anatuluka panja kukanunkhiza fodya, ndipo anachedwa kubwera.

Anagwa pamsika chaka chatha, hamala ili m'manja. Akuti inali BP yomwe ija. Pofika kuchipatala anali atapita. A Mbewe atamva, mawu awo oyamba anali akuti mwana akanaphunzira za umoyo bwenzi amalume akewo ali moyo. Achemwali anandiuza zimenezo, ndipo ndinalumbira kuti munthu ameneyo sindidzamupatsanso madzi akumwa. Koma m'mawa wa maliro anali woyamba kumanda ndi khasu, pamodzi ndi adzukulu okumba.

Tinagwirizana kuti potsitsa bokosi kwaya iimbe nyimbo ya amayi, ndipo Takondwa ndi amene atchule mwini wake. Nthawi inakwana. Akwayamasitala anapereka mawu, anakweza dzanja, ndipo kwaya inadikira. Zaka zonse zija za kukangana nawo, anali atazolowera osadziwa: dzanja likakwera, umayamba wadikira a Siliro. Tonse tinayang'ana Takondwa. Mwana anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayesanso, anangogwada pansi n'kulira. Dzanja la akwayamasitala lili m'mwamba, zingwe zili m'manja mwa adzukulu, manda onse ali chete.

Mawu anachokera pa mulu wa dothi.

"Ya a Rozina Namwale!"

Anali a Mbewe, matope mpaka m'mawondo, khasu lili m'manja. Amayi achikulire anagwira pakamwa. Wina kumbuyo kwanga anati, "Kalanga ine, mkamwini kutchula apongozi!" Munthu amene amathawira kutchire kuopa kukumana nawo maso, lero kuwatchula dzina la ubatizo pamaso pa mudzi wonse, pamanda pomwe agonapo. A Mbewe anamva kung'ung'udzako. Anatembenuka, nakweza mawu kuposa poyamba.

"Ndati ya a Rozina Namwale, apongozi anga. Anaipeka akukumba mtedza. Imbani!"

Ndipo tinaimba. Sindinamvepo nyimbo imeneyo ikuimbidwa chomwecho, pang'onopang'ono monga amayi amaiimbira, popanda kiyibodi. Ndinalira amayi, ndinalira achimwene, ndipo ndivomere, madzi akumwa ndinawapatsa a Mbewe tsiku lomwelo.

Musaganize kuti anasintha. Mukawafunsa lero amati anangoona kuti tichedwa kukwirira, mvula inali pafupi. Amanenabe kuti mwana anataya mwayi. Koma matiresi aja anakawatenga okha panjinga, ndipo zoti amayi anaipeka nyimboyo akukumba mtedza sindikudziwa anazimva kwa ndani, chifukwa ine sindinawauzepo. Achemwali akuti buku la Takondwa lija, kope limene anabwera nalo kunyumba, amalipeza lasuntha pamene analisiya.

Pamsika pa Nsaru malo a achimwene anatenga mnyamata wokonza mafoni. Chitsa chimene amakhomerapo malata chikadalipo, chifukwa chinakanika kuzula, ndipo amayi ogulitsa tomato amaikapo lichero. Kumeneko sikundiwawa kwenikweni. Kumandiwawa kutchalitchi.

Benchi yomaliza mbali ya amuna, pafupi ndi chitseko, ili ndi malo amene thabwa linasalala ndi kukhalidwa. Palibe analetsa munthu kukhalapo, koma sapakhala munthu. A Mbewe amakhala chapafupi, n'kuikapo chipewa chawo. Mwezi watha kunabwera akwayamasitala atsopano, mnyamata wa ku Chitedze wodziwa manotsi, ndipo anadandaula kuti kwaya yathu ili ndi vuto: akakweza dzanja siiyamba msanga, imachedwa ngati ikudikira wina. Anati azithetsa zimenezo. Ndinamuuza pamaso pa kwaya yonse kuti athetse zina, zimenezo azisiye, ndipo akafuna kudziwa chifukwa chake akafunse Takondwa, anapitira zomwezo ku koleji.

Ndiye mpaka lero zili choncho. Dzanja limakwera, timakoka mpweya, ndipo tchalitchi chonse chimakhala chete kanthawi kokwanira dzina la munthu mmodzi. Kumbuyo kuja sikumveka kanthu. Timadikirabe, kenako n'kuimba.